MAKIYI A NDENDE M'MANJA MWA KAMPANI

Inu a ku Chibolya, ku Kanyama ndi ku Chawama mulidziwa galimoto lija anthu alicha Kasalanga, lonyamula akaidi kucokera ku Chimbokaila kunka nao ku bwalo la milandu. Galimotolo ndi la Boma, ndipo alonda a ndende zathu ali anchito a Zambia Correctional Service. Koma m'maiko ena Boma limalemba kampani kuti isunge akaidi ndi kuwanyamula, ilo nkumalipira. Tsono kampani yotere ikalakwa, adzaulula ndani?

Tiyambe ndi South Africa. Mu 2001 anatsegula ndende ya Mangaung ku Bloemfontein, ya akaidi pafupifupi 3,000, ndipo oiyendetsa anali a kampani imene inadzakhala G4S, pa pangano la zaka 25. Mu October 2013, kampaniyo itacotsa alonda oposa 300 amene ananyanyala nchito, munabuka cipolowe, kotero kuti Boma linalanda ndendeyo. Koma linaibwezanso mu 2014.

Pa 3 May 2022 munayaka moto m'cipinda ca 35, momwe munali Thabo Bester, wogamulidwa kukhala m'ndende moyo wace wonse cifukwa ca kupha ndi kugwirira akazi. Anapezamo mtembo wopserera, nalengeza kuti Bester wadzipha. Koma dotolo woyesa mtembowo anapeza kuti munthuyo anafa ndi bala la kumutu moto usanayake. Unali mtembo wa munthu wina, ndipo Bester anali ataturuka. Taganizani, abale: mtembo kulowa m'ndende ya zipata zambiri, kaidi nkuturukamo! Zotere sizicitika popanda wogwira makiyi kubvomera, ndipo pambuyo pace ena mwa anchito a G4S anamangidwa.

Boma linabvomera poyera za kuthawako mu March 2023, itapita miyezi 10, ndipo anamgwira Bester ku Arusha, m'dziko la Tanzania, mu April. Amene anaumiriza kuti coonadi cituruke anali olemba nkhani a GroundUp ndi ofesi yoyendera ndende imene ankaitsogolera woweruza Edwin Cameron. Onsewa anali a kunja kwa mpanda.

Cifukwa cace sicibvuta kumvetsa. M'mapangano otere kampani kawirikawiri imalipitsidwa dipo kaidi akathawa, pamene zocitika m'katimo Boma limazimva kwa kampani yomweyo. Kodi alipo munthu wothamangira kukanena mlandu umene udzamdyera ndalama zace? Nalonso Boma silifulumira, pakuti ndilo linasankha kampaniyo, ndipo manyazi agwera onse awiri.

Pa ulendo ngoziyo ikula, popeza m'galimoto lotseka mulibe mboni. Mu January 2008 ku Western Australia, mkulu wina wa mtundu wa Aborigine ananyamulidwa makilomita 360, kucokera ku Laverton kunka ku Kalgoorlie, m'galimoto la Boma loyendetsedwa ndi anchito a kampani ya GSL. Makina oziziritsa kumbuyo anali atafa, ndipo alonda awiriwo sanaime kuti amuone. Anafa ndi kutentha. Wofufuza za imfayo mu 2009 anapeza colakwa pa alondawo, pa kampani, ndi pa Boma lomwe, pakuti linali litacenjezedwa kale za magalimoto ace okalamba. Mu 2011 bwalo linalipitsa kampani ndi Boma, aliyense madola 285,000 a ku Australia.

Kuno kwathu, ngakhale makiyi ali ndi Boma, lamulo linaikanso maso a kunja. Oweruza ndi mamajisitireti ali ndi mphamvu yoyendera ndende ndi kumva madandaulo a akaidi, ndipo Human Rights Commission iloledwa kulowa m'ndende ndi m'zitokosi za polisi. Cotero mai wa ku Chibolya amene mwana wace wabvulala ali m'manja mwa alonda, kapena m'Kasalanga momwe, angathe kukadandaula ku ofesi ya Commission mu Lusaka muno, ndipo wam'ndendeyo angathe kunena yekha kwa majisitireti tsiku limene aonekera m'bwalo.