Liwu loti "zonse" m'Chitchaina

Inu a geni amene mumaoda katundu kwa Atchaina, kaya ku Limbe, kaya ku Guangzhou komwe, ine ndikuti yambani ndi liwu limodzi ili: quánbù. Limamveka ngati "chuwenibu", ndipo tanthauzo lake ndi "zonse".

Chisiyireni Taiwan mu Disembala 2007 n'kupalana ubale ndi dziko la China, katundu wa kumeneko wangoti mbwee, mpaka pa Golomoti ndi pa Mtakataka. Komabe ambirife timanenerera ndi zala basi. Tsono zala sizinena ngati mtengowo ndi wa tochi imodzi kapena wa katoni yathunthu, ndipo mpamba wa munthu umathera pamenepo. Funsani kuti "Quánbù duōshao qián?" Apo mwati, "Zonsezi ndalama zingati?"

Liwuli n'lofewa kuposa lathu. Ife timati yonse, chonse, lonse, onse, malinga ndi chinthucho. Anzathuwa sasintha kanthu ayi.

Povuta ndi pa kamvekedwe. Pa quán mawu amakwera ngati mukufunsa. Mukawatsitsa n'kuwakwezanso, quǎn, ndiye kuti mwatchula galu! Koma zimenezi zisamuopse Mchewa, poti nafenso timatero. Pitani ku Mua, ku Kungoni kumene adayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, mukamve wosema ziboliboli akukamba za mtengo umene wasema, kenaka za mtengo umene akugulitsira. Pakalembedwe palibe kusiyana, koma sindinaonepo wogula atasokoneza ziwirizi.