Mzinda Umene Unachepetsa Utsi wa Magalimoto

Tonsefe timadziwa kuipa kwa utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera. Maso amalengeza misozi ndipo ana amatsokomola. M'mizinda ikuluikulu utsi woipa umachokera m'magalimoto, makamaka akathithikana pamsewu. Utsiwo umalowa m'mapapo, ndipo umakulitsa mphumu ndi nthenda za mtima. Tiyeni tione zimene mzinda wa Stockholm, likulu la dziko la Sweden ku Ulaya, unachita pa vuto limeneli.

Akuluakulu a kumeneko anaganiza zoti galimoto yolowa kapena kutuluka pakati pa mzindawo masana, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, izilipira msonkho. Anthu ambiri anaipidwa nazo. Ndani angasekerere msonkho watsopano? Koma akuluakuluwo sanathamangire kuukhazikitsa. Choyamba, m'chaka cha 2005, anaonjezera mabasi pafupifupi 200 kuti munthu wosiya galimoto yake kunyumba asasowe chokwera. Kenaka anati msonkhowo uyesedwe kaye, kuyambira mu Januwale mpaka mu Julayi 2006, ndipo pambuyo pake eni mzinda aweruze okha.

M'miyezi imeneyo, pa magalimoto 100 alionse amene ankadutsa malire a msonkhowo, pafupifupi 20 analeka kudutsapo. Mizere ya magalimoto inafupika, maulendo anayamba kufulumira, mpweya nawo unakhalako bwino. Mu Sepitembala 2006 anthu a mumzindawo anaponya voti, ndipo oposa theka anavomera, ngakhale kuti m'matauni oyandikana nawo ambiri anakana. Msonkhowo unakhazikitsidwa mu Ogasiti 2007. Patapita zaka, ofufuza anapeza kuti ana aang'ono odwala mphumu mwadzidzidzi anachepa mumzindamo.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Mizinda yathu ya Lilongwe ndi Blantyre ikukula, ndipo magalimoto akuchuluka. Ife akumudzi timapitako kukagulitsa zokolola ndi kukalandira mankhwala kuzipatala zikuluzikulu. Utsiwo timaupuma nawo, ndipo oyenda pansi ndi apanjinga amalimbirana msewu ndi magalimoto.

Sitikunena kuti msonkho wa ku Sweden ungotengedwa mmene ulili, ayi. Chofunika kutengera ndi kachitidwe kake: anthu apatsidwe kaye mabasi odalirika ndi njira zawozawo za njinga ndi zoyenda pansi, aone ubwino wake ndi maso, kenaka afunsidwe maganizo. Ndi mmenenso zimakhalira ndi chitsime cha m'mudzi: chimene anthu anagwirizana okha kuchikumba ndicho amachisamala.