Kodi Mumadziwa? Mtsempha Waukulu wa Magazi Umatha Kung'ambika

Mtsempha waukulu wochokera kumtima, wotchedwa aorta, uli ndi makoma atatu. Lamkati likang'ambika, magazi amalowerera n'kulekanitsa makomawo. Munthu amamva ululu woopsa mwadzidzidzi pachifuwa kapena kumsana.

Pochiza, nthawi zina madokotala amaphatikiza njira ziwiri pa opaleshoni imodzi. Amatsegula chifuwa n'kusokerera paipi yansalu pamene pawonongeka, n'kulowetsanso kapaipi kawaya kochirikiza mbali yotsikira kumimba. Maziko a njirayi adayala ndi dokotala Hans Borst ku Hannover, m'dziko la Germany, mu 1983.

Gwero lalikulu la vutoli ndi BP yokwera. Ku Chitipa, matenda akakula wodwala amatumizidwa kutali, ku Mzuzu Central Hospital. Choncho yezetsani BP pachipatala chapafupi, ndipo mankhwala a BP mukapatsidwa muzimwa mosadumphitsa.