Makina Ogulitsa Zinthu pa Bwalo la Ndege

Mlembi akamafotokoza za ulendo wa pa ndege amakumana ndi zipangizo zimene mayina ake sanakhazikike m'Chichewa. Chimodzi mwa izo ndi chibokosi chachitali chagalasi chimene chimaimikidwa m'malo odikirira ndege. Wapaulendo amaponyamo ndalama nalandira madzi kapena mabisiketi popanda kuonana ndi munthu. Kodi tichitche "makina ogulitsira" kapena "makina ogulitsa"? Kusiyana kwake ndi kwa zilembo zowerengeka, koma tanthauzo silimodzi. Tisanasankhe, tiyambe taona ntchito ya chipangizochi.

Nzeru imeneyi ndi yakale. M'zaka za zana loyamba, Hero wa ku Alexandria analemba za chipangizo chimene chinkatulutsa madzi opatulika munthu akaponyamo ndalama yachitsulo. M'chaka cha 1883 Percival Everitt anakonza makina a mapositikhadi ku London, ndipo mu 1888 kampani ya Thomas Adams inaika makina a chingamu pa masiteshoni a sitima ku New York. Motero makinawa akhala akutsata apaulendo kuyambira kale.

Pa bwalo la ndege amafunika pa zifukwa zitatu. Choyamba, ndege zina zimanyamuka pakati pa usiku kapena mbandakucha masitolo ali otseka, pomwe makina saweruka. Chachiwiri, malo ochitira malonda pa bwalo ndi odula, ndipo makina amatenga kadanga kakang'ono. Chachitatu ndi lamulo la chitetezo. Mu Ogasiti 2006 apolisi a ku Britain anatulukira chiwembu chofuna kuphulitsa ndege ndi mabomba amadzimadzi. Zitatero mayiko ambiri analamula kuti wapaulendo asadutse pa chipikisheni ndi botolo la zamadzimadzi loposa mamililita 100. Mabwalo ena okhala ndi zounikira katundu zamakono afewetsa lamuloli, koma pa mabwalo ambiri likadalipo. Wanyamula madzi kunyumba amawasiya pa chipikisheni, ndipo ludzu likamugwira m'kati amagula pa mtengo umene waupeza.

Katundu wake salekera pa kamba wa pa ulendo monga mtedza, chokoleti ndi zoziziritsa kukhosi. Mumapezekanso mswachi, mankhwala otsukira mano ndi tchaja ya foni. Mu 2017 kampani ya Uniqlo inaika makina a malaya ndi majekete pa bwalo la Oakland ku America, ndipo mu 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, bwalo la ku Las Vegas linaika makina a zotchinga pakamwa ndi pamphuno.

Nanga amagwira bwanji ntchito? Katundu amandandalikidwa m'mipata ya waya wopotana, mzere uliwonse ndi nambala yake. Wogula akalowetsa ndalama yachitsulo, makina amayeza kukula kwake ndi mtundu wa chitsulo chake. Yapepala amaiunika kuti aone ngati ndi yeniyeni. Akakhutira, ndipo wogula akadina nambala, kainjini kamazungulitsa waya uja, chinthu n'kugwera m'kabokosi kapansi. Makina ambiri amakono ali ndi kuwala kozindikira ngati chinthu chagwadi, ndipo chikakodwa amazungulitsanso waya kapena kubweza ndalama.

Tsono tibwerere ku dzina. Timati "makina osokera", "makina olembera" ndi "makina ochapira" chifukwa pali munthu amene akusoka, kulemba kapena kuchapa, ndipo makinawo ndi chida chake. Mphatikiri -er- kapena -ir- ndiye amaonetsa zimenezi. Mwa njira yomweyo, "makina ogulitsira" akuyenera chipangizo cha pa kauntala ya sitolo, chimene wogulitsa amawerengera mitengo ndi kusungamo ndalama. Koma chibokosi cha pa bwalo la ndege chimalandira ndalama, kuziyesa, kupereka katundu ndi kubweza chenji mwini wake ali kutali. Ntchito zonse za wogulitsa chimazichita chokha. Choncho dzina loyenera ndi "makina ogulitsa", ndipo wapaulendo "amagula pa makina". Tikumbukirenso kuti dzina loti makina silisintha ndi chiwerengero: timati makina amodzi, makina awiri, ndipo mgwirizanitsi wake ndi a nthawi zonse.

Kusankha bwino dzinali kuli ndi phindu kwa wowerenga. Akamva "ogulitsira" ayembekeza kupeza munthu womufunsa, wonenerera naye mtengo, mwinanso womuikira banyira. Pa makina palibe zotero. Amalandira ndalama za dziko limene aikidwa, kotero kwacha singagule kanthu pa bwalo la ku London. Amakana ndalama yapepala yong'ambika kapena yokwinyika. Ena salandira ndalama ina iliyonse koma khadi la ku banki kapena foni, ndipo banki ikhoza kudula kangachepe posintha ndalama. Chinthu chikakodwa ndalama n'kusabwerera, wogula amangotsala ndi nambala ya foni yomatidwa pa galasi, ndege ili pafupi kunyamuka.

Tikupempha alembi, akonzi ndi aphunzitsi kuti potchula makina achilendo azidzifunsa funso limodzi: kodi wochita ntchitoyo ndi munthu kapena makina eni ake? Yankho lake ndilo lidzawauza ngati mphatikiri uja akufunika.