Magetsi akathima: mmene kompyuta imapulumutsira zolembedwa

THOKOZA, South Africa — Kampani ya Eskom inayamba kuzimitsa magetsi mosinthanitsa madera m'chaka cha 2007, ndipo vutoli linafika pachimake m'chaka cha 2023. M'madera ngati Thokoza, kufupi ndi Alberton, mwini sitolo amene amasunga kaundula wa malonda pa kompyuta angathe kugula batire la UPS. Komabe batirelo limangopereka mphindi zochepa. Kaundulayo amapulumuka pokhapokha kompyuta ikadzitseka mwadongosolo mphamvu isanathe.

Pa makompyuta a Linux, kuphatikizapo a Ubuntu amene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anakhazikitsa m'chaka cha 2004, ntchitoyi imayendera zizindikiro. Batire likatsala pang'ono kutha, mapulogalamu amalandira chizindikiro cha SIGTERM, chomwe nambala yake ndi 15. Limeneli ndi pempho: pulogalamu yolembedwa bwino imamaliza kusunga zonse n'kutseka. Ikanyalanyaza, pamabwera SIGKILL, nambala 9, imene singakanidwe. Zimene zinali zisanasungidwe zimatayika pomwepo.

Mapulogalamu amatumizirananso uthenga kudzera m'mapaipi okhala ndi dzina, otchedwa FIFO. Paipi yotere imaoneka ngati fayilo, koma sisunga kanthu pa disiki. Pulogalamu ina imalemba mbali imodzi, ina n'kumawerenga mbali inayo, ndipo choyamba kulowa ndicho choyamba kutuluka. Yowerengayo ikatseka, yolembayo imalandira SIGPIPE, chizindikiro chimene chimaiimitsa ngati sinakonzekere.

Kuti zimenezi zichitike mofanana pa makompyuta osiyanasiyana, bungwe la IEEE linatulutsa muyezo wa POSIX m'chaka cha 1988, ndipo unakonzedwanso m'chaka cha 2024. Mwa zina, muyezowu umalamula kuti uthenga wosapitirira mabayiti 512 ulowe m'paipi wathunthu, osasakanikirana ndi wa pulogalamu ina. Linux imafikitsa malirewo pa 4096.

Si zizindikiro zonse zimene zili mu POSIX. SIGPWR, chodziwitsa za vuto la magetsi, chilipo pa Linux koma kulibe pa macOS ndi FreeBSD. Choncho pulogalamu yodalira chizindikirochi siyenda chimodzimodzi paliponse, pamene yomvera SIGTERM imachenjezedwa ponseponse. Nkhaniyi ikukhudzanso ogwiritsa ntchito makompyuta ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, kumene kuthima kwa magetsi si kwachilendo.