Kuomba m'manja sikugula unga

Pa Ciwelu m'mawa ndinakwela basi ya ku Chelstone pa Kulima Tower. Ndinasankha imene inaoneka kuti yatsala pang'ono kudzala, osadziwa kuti anyamata atatu amene anakhala kumbuyo sanali pa ulendo. Inu a pa basi mudziwa kale mmene zimathela: anthu enieni atayamba kulowa, anyamata aja anaseluka mmodzimmodzi kukaitana ena. Amai amene ndinakhala nawo pafupi anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Aba bafunika kupatsidwa mphoto ya sewelo." Tonse tinaseka. Ndinali kupita kukaona amasewelo, koma sewelo linayambila pa sitesheni pomwe.

Ulendo wanga unali wa ku Showgrounds, kumene kunali cikondwelelo ca zaluso ca masiku awili. Akulu a ku nchito anandituma kuti ndikalembe za oimba ochuka a pa steji yaikulu madzulo. Koma nditaseluka pa Manda Hill n'kuyenda pansi kulowela ku geti, ndinapeza kuti cikondwelelo ceniceni cili pa fumbi, pakati pa ogulitsa micopo ndi amai a vitumbuwa. Za pa steji mudzawelenga kwina. Ine ndikamba za aja alibe maikolofoni.

Oyamba anali anyamata 6 ndi mtsikana mmodzi ocita masewela odumpha. Analibe mateti, anangosesa miyala ndi nthambi ya mtengo. Wamkulu wao anajambula mzele wozungulila ndi phazi, ndipo anthu anaima kunja kwa mzelewo ngati pali mpanda. Anayamba ndi zing'onozing'ono: kuyenda ndi manja, kuponyelana mabotolo, kudumpha mnzao atagona pansi. Kenako anayamba kukwelana pa mapewa, atatu pansi, awili pamwamba pao, ndipo mtsikana uja, wocepa thupi ngati mwana wa Giledi 7, anakwela pamwamba pa onse. Miyendo ya mnyamata wa pakati inali kunjenjemela. Ndinaiona ndi maso anga. Pansi panali dothi louma gwa.

Apa m'pamene ndinaphunzila cinsinsi ca nchito imeneyi. Mtsikana asanadumphe, wamkulu uja anaimitsa zonse n'kuvula cisote. Anazungulila naco akuseka ndi anthu, akuti amene afuna kuona mapeto ayambe waonetsa cikondi. Pambuyo pake ndinamufunsa cifukwa cake sanadikile kuti atsilize. Anandiuza kuti akadikila, cisote cimabwela copanda kanthu, cifukwa munthu wa mu Lusaka akangoona mapeto amakumbukila kuti ali ndi kopita. Ndiye cisote cimayenda mtima wa anthu ukali m'mwamba.

Ndinaima kumbuyo n'kuwelenga. Mafoni amene anali m'mwamba kujambula anali 23. Manja amene anafika ku cisote anali 9. Mtsikana anadumpha, anazungulila kamodzi mu mphepo, anzake anamuwakha, anthu anakuwa ndi kuomba m'manja mpaka ogulitsa anasiya makasitomala. Patapita mphindi ziwili pamalopo panatsala fumbi cabe. Mavidiyo aja pofika madzulo anali pa TikTok ndi pa Facebook. Ndalama za m'cisote anagawana anthu 7.

Masewela otele si acilendo mu mzinda uno. Gulu la Circus Zambia linayambitsidwa ndi acinyamata a ku Chibolya, komboni imene ambili amaichula pokamba zoipa zokhazokha, ndipo laphunzitsa ana ambili kudumpha ndi kuyenda pa ndodo zazitali. Gulu la Barefeet Theatre, limene linayamba mu 2006, limagwilitsa nchito masewelo, ng'oma ndi kuvina pothandiza ana okhala m'miseu. Conco mukaona mwana akuyenda ndi manja pa maloboti, musafulumile kunena kuti ni cimasomaso. Kumbuyo kwake kungakhale miyezi yambili ya kugwa ndi kudzuka.

Nditacoka pamenepo ndinatsatila kulila kwa babatoni. Amene anakulila ku mayadi mwina saidziwa. Ni cing'oma cacikulu cokutidwa ndi cikumba, cokhala ndi mtengo wautali ndi nsambo, ndipo woimba amacita kucikhalila. Mau ake amamveka m'cifuwa musanawamve m'makutu. Ndiye msana wa kalindula wa kumudzi. Pambali pake panali banjo yopanga okha ndi ng'oma zokhala ndi tumabotolo tolila. Palibe waya wa magetsi ngakhale umodzi. Mdala wina amene anali kuvina pafupi nane anati gulu ili lokha ndilo silidziwa za kuzima kwa malaiti.

Anaimba nyimbo zao za nkhongole ya pa kantemba, za mlamu wobwela kudzaceza sabata imodzi n'kutha caka, za landilodi amene amawelenga zidebe za madzi. Amai anamanga vitenge m'ciuno n'kulowa m'bwalo. Apa ndalama zinali kugwa bwinoko, cifukwa amene wavina amacita manyazi kucoka osasiya kanthu. Koma woimba babatoni anandiuza vuto lina limene inu a pa basi mudzalimvetsa msanga. Cida cake sicikwana pa miyendo. Kondakita aliyense amaciona ngati munthu, ndipo amacilipilitsa mpando, nthawi zina iwili. Kucoka ku komboni kwao kufika ku Showgrounds ni mabasi awili, kubwelela ni awili. Asanaimbe nyimbo ngakhale imodzi amakhala kuti ali kale ndi nkhongole.

Cimene candicititsa kulemba nkhani ino ndinacipeza ca m'ma 14 koloko, kuseli kwa matenti, pansi pa mtengo. Panali bambo wacikulile wosaona, atakhala pa kampando, akuimba gitala yakale yomangidwa ndi tepu. Mdzukulu wao wamwamuna anakhala pansi atagwila mbale ya pulasitiki. Anthu pafupifupi 30 anali cete kumvetsela. Panali azungu awili, panali atsikana a ku yunivesiti, panali bambo wa suti amene anatseka maso ngati ali m'chalichi. Ndinaima nawo. Mau a bamboyo anali okasa pang'ono koma ofika patali, ndipo zala zao zinali kuyenda pa nsambo mosafunsa njila. Ndinatulutsa buku langa n'kulemba kuti ndapeza woimba wa tsikulo.

Kenako ndinayang'anitsitsa gitala ija. Tepu yofiila pa khosi pake. Mbale yobiliwila yong'ambika m'mbali. Mtima unagunda. Bambo amenewa ndimawapitilila pafupifupi tsiku lililonse m'tauni, pa njila yocoka ku sitesheni kupita ku nchito. Amakhala pafupi ndi khoma, pakati pa wogulitsa macaja ndi mai wa nthoci. Kwa zaka ziwili sindinaimepo. Sindinamvepo nyimbo yao ngakhale imodzi mpaka kumapeto. Kunena zoona, nthawi zina ndimawalambalala kuti ndisaponde mbale. M'tauni ndimawaona ngati wopempha. Pano, cifukwa ndalipila pa geti ndipo pali azungu akumvetsela, ndawalemba m'buku kuti katswili.

Atapumula ndinagwada pafupi n'kuwapatsa moni. "Muli bwanji, atate?" Anayankha mwaulemu n'kufunsa kuti ndine mwana wa kuti. Ndinawauza nchito yanga, ndipo ndinaulula kuti ndimawapitilila masiku onse. Sanakwiye. Anaseka, n'kunena kuti nsapato za anthu a m'tauni amazidziwa bwino kuposa mau ao, cifukwa nsapato ndizo zimawapatsa moni.

Tinaceza kwa theka la ola. Anandiuza kuti nyimbo zimene aimba pano ndi zomwezo zimene amaimba ku khoma kuja, palibe imene awonjezela. Cosiyana n'cakuti pano anthu abwela ndi nthawi m'thumba. M'tauni munthu amathamangila basi, amagwila cikwama mwamphamvu kuopa akawalala, ndipo wina aliyense womuimitsa amamuyesa wofuna kumudyela. Anati samuimba mlandu munthu wotelo. Koma tsiku la m'tauni ni lalitali. Amafika m'mawa, amalipila mipando iwili pa basi, wao ndi wa mdzukulu. Nsambo ikaduka, ndalama ya cakudya ca masana yapita. Mvula ikagwa, nchito yatha. Mwezi ukafika pakati, mbale imadziwa anthu asanadandaule. Ndipo pa masiku amene mdzukulu ali ku sukulu, amafunika kupeza mwana wina wowatsogolela, amenenso amayembekezela kangacepe.

Palinso nkhani ya malo. Tonse tikumbukila kuciyambi kwa 2018, nthawi ya kolela, pamene ogulitsa anacotsedwa m'miseu ya m'tauni ndipo asilikali anali kuyang'anila nchito yoyeletsa. Bambowa anati nthawi zotelo tsache silisankha: wogulitsa tomato ndi woimba gitala amacoka limodzi. Iwo sagulitsa cakudya, sataya zinyalala, koma alibe pepala lililonse loonetsa kuti ali pa nchito. Dziko lathu lili ndi National Arts Council, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1994 kuti iziyang'anila zaluso. Funso langa kwa onse okhudzidwa ndi ili: kodi n'kosatheka kupatula malo ocepa odziwika, pa masitesheni ndi pa misika, pamene woimba angakhale mosaopa kuthamangitsidwa? M'mizinda ina zimacitika. Ku London oimba a m'masitesheni a sitima za pansi pa nthaka amapatsidwa cilolezo ndi malo olembedwa. Ife tili ndi Kulima Tower, City Market, Millennium ndi Lumumba, kumene anthu amakhala m'basi theka la ola kudikila kuti idzale. Omvetsela alipo kale, akhala pansi, alibe kothawila.

Tisaiwale kuti mmodzi mwa oimba amene dziko lino limanyadila, malemu P.K. Chishala, anali wosaona. Anamwalila mu 1995, koma mpaka lelo nyimbo yao ikalila m'basi, ngakhale kondakita amaiwala kukangana za cenji. Sindikunena kuti aliyense wokhala pa khoma ndi gitala ni Chishala. Ena amaimba zosamveka, tisanamizane. Koma tidzadziwa bwanji ngati sitiima?

Cinanso cimene ndinaona pa cikondwelelo ni cakuti ndalama ya m'manja ikusowa. Anthu ambili, makamaka acinyamata, amagwila m'thumba n'kunena kuti, "Nilibe kashi, zonse zili mu foni." Ena amanena zoona, ena ni pothawila. Anyamata odumpha aja anacenjela: analemba nambala ya mobile money pa katoni ndi makala n'kuiimika patsogolo. Bambo wa gitala alibe katoni. Anati foni ya pa nyumba ni imodzi ndipo imatsala ndi mwana wao wamkazi, komanso munthu wosaona sangatsimikize ngati uthenga wa ndalama wafikadi. Amakhulupilila cimene camveka m'mbale. Apa anaseka n'kunena kuti ndalama zatsopano zinawakomela. Kucokela mu 2025, pamene Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano, K2 ndi K5 zinakhala makoini. Kale za pepala zinali kugwa mwakacetecete ndipo mphepo inali kuziulutsa. Lomba zimalila, ndipo iwo amatha kunena zikomo munthu asanapite patali.

Madzulo steji yaikulu inayaka, masipika anayamba kugunda, ndipo anthu onse anakhamukila kumeneko. Gitala yopanda magetsi singapikisane ndi zimenezo. Ndinaona mdzukulu akuthila makoini m'kathumba ka shuga, akumanga, n'kupatsa agogo ake kuti aike m'thumba la mkati. Bambowo anandiuza kuti tsiku limodzi la pano laposa masiku angapo a m'tauni. Koma cikondwelelo ni masiku awili pa caka. Masiku enawo ni khoma lija.

Tinakwela basi imodzi kubwelela m'tauni. Kondakita anawathandiza kukwela n'kuwauza kuti, "Mudala, gitala muikhazike pa miyendo, sinizalipilitsa." Mnyamata wina kumbuyo anawapempha kuti aimbeko kamodzi. Anakana mwaulemu, anati zala zatopa. Palibe amene anaumiliza.

Pa Mande ndinaseluka pa sitesheni monga mwa masiku onse, ndili ndi cenji ca K5 m'manja. Anali pamalo pao, pakati pa macaja ndi nthoci. Ndinaima. Anthu anandigunda mapewa, wa wilibala anandikalipila kuti ndatseka njila, ndipo ndinacedwa ku nchito ndi mphindi 6. Nyimbo inali ya mwana amene anapita ku Copperbelt osalemba kalata. Ndinaimva yonse. Koini itagwa m'mbale anatukula mutu n'kunena kuti, "Zikomo, mwana wanga. Nsapato izi nizidziwa."

Mawa kondakita akakubwezelani cenji, musafulumile kuciponya m'cikwama. Pa njila yanu pali wina amene mwakhala mukumupitilila. Imani kamodzi, mumve nyimbo mpaka ithe. Ikakhala yoipa, pitani, simunalakwe. Koma ikakhala yabwino ndipo mwatulutsa foni kuti mujambule, dzanja linalo lipite m'thumba.