Wagulitsa ndani, watumiza ndani?

Pa Amazon, pafupi ndi batani logulira, pamakhala timizere tiwiri timene ambiri satiwerenga: "Ships from" ndi "Sold by". Koyamba kamatchula amene atumize katunduyo, kachiwiri kamatchula mwini wake. Timizereti tiziwerengedwa munthu asanakopeke ndi mtengo, chifukwa katundu woposa theka wa amene amagulidwa pa Amazon ndi wa amalonda ena amene amangoyala malonda awo pamenepo. Kuyambira 2006, amalondawa amatha kusungitsa katundu wawo m'nyumba za Amazon, ndipo kampaniyo ndiyo imalongedza, kutumiza ndi kulandira wobwezedwa. Ena amasunga okha n'kumatumiza okha kuchokera kumene ali, kaya ndi ku Manchester kapena ku Shenzhen.

Kusiyanaku kumaonekera zinthu zikavuta. Foni imene inatumizidwa ndi Amazon ikafika yosweka, mumadandaula ku Amazon komweko. Ikakhala kuti inatumizidwa ndi wogulitsa, mumayamba mwalembera iyeyo, kudikira maola 48, kenako n'kupempha Amazon kuti ilowererepo kudzera mu ndondomeko yake yoteteza ogula yotchedwa A-to-z Guarantee. Ndalama zimatha kubwera, koma njira yake ndi yaitali, ndipo kwa m'bale wa ku Johannesburg kapena ku London amene wagula kuti apatsire wopita kumudzi sabata yamawa, kuchedwa kumeneko n'kutaya katundu.

Ena amati ndiye bwanji osangogula zotumizidwa ndi Amazon zokhazokha, poti zimenezo n'zodalirika. Apa mpamene anthu amagwa m'mbuna. Kusunga ndi kutumiza katundu sikutanthauza kuti wina wamuyesa n'kutsimikiza kuti ndi weniweni. Mu July 2024, bungwe loteteza ogula la boma la America, Consumer Product Safety Commission, linagamula kuti Amazon ili ndi udindo pa zinthu zoposa 400,000 zoika moyo pachiswe zimene zinadutsa m'nyumba zake, kuphatikizapo zovala zogonera za ana zosachedwa kugwira moto ndi zoumitsira tsitsi zimene zikanatha kugwiritsa munthu shoko. Zonsezo zinali za amalonda ena. Komanso wotumiza yekha si wakuba ayi. Ambiri ndi eni timakampani ting'onoting'ono kapena ogulitsa katundu wolemera amene sangakwanitse ndalama zosungitsira. Choncho kamzere ka wotumiza kamangokuuzani kumene mukadandaule. Za ubwino wa katunduyo, dinani dzina la wogulitsa, muone kumene ali, nthawi imene wakhala akugulitsa, ndi zimene ogula ena adandaula miyezi yapitayi.